Tifunseni: Zoom ikuduka ana akatsegula mavidiyo

FUNSO: Pakhomo pathu tili ndi intaneti ya 20 Mbps, koma ndikakhala pa msonkhano wa Zoom mawu amadukaduka ana akangogwira mafoni awo. Ndinamva kuti rauta ikhoza kuika chipangizo chimodzi patsogolo. Zimenezi zimatheka bwanji?

YANKHO: Zimatheka ndithu, ndipo mu rauta dzina lake ndi QoS. Koma musafulumire kuloza chala mavidiyo. Kawirikawiri imene imadzaza ndi njira yotumizira, yomwe rauta imailemba kuti upload. Pa intaneti zambiri njira imeneyi ndi yopapatiza, mwina 3 Mbps yokha pamene yotsitsira ili 20. Foni imodzi ikayamba kukweza zithunzi ku Google Photos mwakachetechete, mawu anu amaima pamzere kumbuyo kwa zithunzizo n'kufika mochedwa. Akatswiri amalitcha vutoli bufferbloat.

Choyamba yezani liwiro lenileni. Lumikizani kompyuta ku rauta ndi chingwe, ena onse azimitse kaye Wi-Fi, ndipo yezani kangapo, madzulonso. Tengani nambala yotsikitsitsa. Kenako tsegulani 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pa browser. Adilesi yolondola ndi dzina lolowera nthawi zambiri zimakhala pa kapepala kunsi kwa rauta. Mukalowa funani QoS kapena Bandwidth Control.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Musalembe 20 imene kampani inakulonjezani. Lembani pakati pa 85 ndi 90 peresenti ya zimene mwayeza: mukapeza 18 Mbps yotsitsira ndi 3 yotumizira, ikani 16 ndi 2.6. Inde, mwataya kaliwiro pang'ono, koma mzere uja tsopano ukupangika mu rauta yanu, momwe mungasankhe woyamba kudutsa. Mukalemba nambala yoposa liwiro lenileni, mzere umapangika mu modemu kapena ku zida za kampani, kumene rauta yanu ilibe ulamuliro. Onetsetsaninso muyeso: bokosi likafuna Kbps lembani 16000 ndi 2600, chifukwa mukalemba 16 intaneti idzakwawa.

Kenako ikani laputopu yanu yokha pa High. Zoom siifuna zambiri, sipitirira 4 Mbps ngakhale pa chithunzi cha 1080p, chachikulu n'chakuti isamadikire. Mukaika aliyense pa High, palibe amene mwamuika patsogolo. Rauta ikakhala ndi SQM, yomwe imapezeka pa OpenWrt (pulogalamu yoyendetsa rauta imene ena amaikamo okha) ndi njira za CAKE kapena fq_codel, sankhani imeneyo. Imagawa yokha mwachilungamo.

FUNSO: Ndinaika malire a 3 Mbps pa foni ya mwana wanga, koma patapita masiku angapo malirewo anasiya kugwira. Chalakwika n'chiyani?

YANKHO: Lamulolo munalimangirira pa adilesi ya IP (nambala imene rauta imapatsa chipangizo chilichonse), ndipo rauta yaipatsa foniyo adilesi ina. Mu rauta pitani pa DHCP, sankhani Address Reservation, mumangirire IP imodzi ku adilesi ya MAC ya foniyo (nambala yakeyake imene rauta imaizindikirira). Kumbukirani kuti kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14 mafoni amagwiritsa ntchito MAC yongopeka, imene imatha kusintha. Zimitsani zimenezi mu foniyo, pa Wi-Fi ya pakhomo pokha. Njira yachidule ndi kuika mafoni a ana pa netiweki ya alendo n'kuiikira malire yonseyo, ngati rauta yanu ikulola.