Kodi Ndagulitsa Mfundo Zanga Chifukwa cha Wi-Fi?

FUNSO

Zikomo a Mkonzi. Ine ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare ndipo ndimakonza makompyuta m'tauni. Makolo anga anachokera ku Dedza, ndipo ndili m'bungwe lothandizana pa maliro limene anthu akwathu anayambitsa kalekale. Chaka chatha akuluakulu anandipempha kuti ndilembe pulogalamu yosungira mayina a mamembala ndi zopereka zawo za mwezi ndi mwezi, popeza buku la kaundula linali litayamba kuthothoka masamba. Ndinavomera, koma ndinatsimikiza mtima kuti zonse zikhale za ufulu, choncho pa laputopu yakale ya bungwe ndinaikapo Trisquel, mtundu wa Linux umene umayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Tsoka ilo, Wi-Fi inakana kugwira ntchito, ndipo mayi amene ndi msungichuma wathu ayamba kunena kuti ndibwezerepo Windows imene anaizolowera. Mamembala nawonso akufuna kuti uthenga wowakumbutsa zopereka uzibwera pa WhatsApp. Mnzanga amene anandiphunzitsa Linux akuti ndikangovomera zimenezi ndiye kuti ndagulitsa mfundo zanga. Kodi ndichite chiyani?

Wothedwa Nzeru, Mufakose

YANKHO

Achimwene, funso lanuli lakhala likugawanitsa opanga mapulogalamu kwa zaka zoposa 30, kotero musadzione ngati ndinu woyamba kusowa nalo tulo.

Tiyambe tathandiza owerenga amene angaganize kuti mukunena za mapulogalamu osalipira. M'Chingerezi mawu amodzi oti "free" amatanthauza ulere komanso ufulu, ndipo eni chinenerocho amavutika kulongosola, koma ife tili ndi mwayi chifukwa ulere ndi ufulu sitizisokoneza. Pamene Richard Stallman analengeza ntchito ya GNU yopanga mapulogalamu a ufulu mu 1983, n'kukhazikitsa Free Software Foundation mu 1985, nkhondo yake sinali ya mitengo. Iye ankafuna kuti munthu akhale ndi ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu mmene akufunira, wowerenga ndi kusintha source code, amene ndi malemba enieni amene wopanga amalemba, wogawirako anzake, ndiponso wofalitsa zimene wasinthazo. Iye mwini amasimba za makina osindikizira a ku yunivesite ya MIT ku America amene ankakonda kutsekereza mapepala, ndipo sanathe kuwongolera pulogalamu yake chifukwa anamukaniza malembawo. Inu amene mumatsegula makompyuta tsiku ndi tsiku mukudziwa mmene zimawawira kuliona vuto ndi maso koma manja atamangidwa.

Mnzanuyo sakunama. Kachipangizo ka Wi-Fi m'malaputopu ambiri kamafuna kapulogalamu kakang'ono kotchedwa firmware, kamene opanga ake sanaulule malemba ake. Trisquel imagwiritsa ntchito Linux-libre, imene anachotsamo dala tizidutswa tonse totere, choncho laputopu yanu sinawonongeke ayi, ikungochita zimene anakulonjezani. Maganizo a anthu amenewa ndi akuti aliyense akamangolandira zobisika mwakachetechete, makampani sadzaona chifukwa chosinthira. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo amene amainyoza nthawi zambiri sanaiganizire mofatsa.

Komabe taonani zimene zinachitikira Debian, Linux ya mtundu wina imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993 ndipo imadziwika kuti sinyengerera pa nkhani ya ufulu. Kwa zaka zambiri pulogalamu yawo yovomerezeka yoikira Debian pa kompyuta inalibe firmware yobisika, ndipo anthu ochuluka ankagwa m'dzenje limene mwagwamo inuli: munthu waika zonse bwinobwino, koma alibe intaneti yoti akatengere chimene chikusowacho. Ena ankasakasaka mtundu wosavomerezeka umene unali ndi firmware, ena ankangotaya mtima n'kubwerera kumene anachokera. Mu 2022 mamembala a Debian anaponya voti, n'kugwirizana zosintha ngakhale mawu a m'pangano lawo, ndipo kuyambira pa Debian 12, imene inatuluka mu June 2023, firmware ija imabwera limodzi ndi zina zonse. Chimene ndikufuna muone ndi kachitidwe kake. Sanaisakanize ndi mapulogalamu a ufulu, koma anaiika m'chigawo chakechake chokhala ndi dzina losabisa kanthu, ndipo amene sakuifuna angathe kuikana. Ngakhale Stallman yemwe, amene anthu amamuona ngati mwala wosasunthika, mu 2001 anavomereza kuti Ogg Vorbis, njira yosungira nyimbo pa kompyuta, ikhale ndi laisensi yofewa ya BSD, poona kuti kufalikira kwake kukanathandiza kuchepetsa mphamvu ya MP3, imene panthawiyo inali yomangidwa ndi mapatenti.

Pali kulolera kwa mtundu wina kumene sindingakulangizeni. Mu 2012, Ubuntu 12.10, imenenso ndi Linux, inayamba kutumiza kumakompyuta a kampani ya Canonical mawu amene munthu walemba posaka zinthu m'kompyuta yake, n'kumamuonetsa malonda a ku Amazon, ndipo zimenezi zinkachitika munthu asanafunsidwe. Stallman anati kumeneko n'kuzonda anthu, ambiri anadandaula, ndipo mu Ubuntu 16.04 ya 2016 anazisiya zili zozimitsidwa, kuti zizigwira ntchito pokhapokha munthu atazifuna yekha. A Debian analolera kuti kompyuta ya munthu igwire ntchito, ndipo anamuuza poyera chimene alowetsamo, pamene apa chinthu cha munthu chinatuluka m'nyumba mwake iye asanavomere. Poyeza chilichonse chimene akukupemphani, dzifunseni kuti amene akutayapo kanthu ndani, akutaya chiyani, ndipo kodi akudziwa.

Tsopano tibwere pa laputopu ija. Musanasinthe kalikonse, lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe cha USB n'kuyatsa pogawira intaneti m'foni, chifukwa njira imeneyi kawirikawiri imayenda popanda firmware yobisika pa laputopupo. Mungafufuzenso m'mashopu a m'tauni kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB kamene mkati mwake muli Atheros AR9271, popeza firmware yake inamasulidwa mu 2013. Zimenezi zikakanika, kapena zikakhala zotopetsa kwa mayi aja, ikanipo Debian ndi firmware yake ndipo mugone tulo. Pamsonkhano wotsatira mudzawauze akuluakulu kuti pali kachidutswa kamodzi kamene inu simungathe kukawerenga kapena kukakonza. Za Windows musangokana ndi ukali, koma muwafotokozere kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo malaputopu akale ambiri sakwanitsa zimene Windows 11 imafuna.

Ndikukayikanso ngati mayi msungichuma akulirira Windows yeniyeniyo. Anthu ambiri akamatero amakhala akunena kuti batani limene ankadina lasowa, ndipo akuchita manyazi kufunsa mwana wa msinkhu wa ana awo. Tsiku lina mukhale nawo pansi, buku lakale lija lili potsegula pambali pa laputopu, ndipo muwapemphe kuti alowetse okha zopereka za anthu 10 inu manja ali kumbuyo. Pamene aima n'kuyamba kufunafuna magalasi awo, kapena pamene abwerera ku cholembera, pamenepo ndi pamene pulogalamu yanu yalakwa, osati iwo. Ngati mizere ya m'buku imayamba ndi dzina, kenako mudzi wa kwawo ku Malawi, kenako miyezi, pulogalamunso itsate dongosolo lomwelo. Mawu ake akhale m'Chichewa ndi m'Chishona, ndipo izigwira ntchito popanda intaneti, poti magetsi ndi data ya kuno tonse tikuzidziwa. Mayiwo akabwerera ku pepala, ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu udzakhala wa laputopu yotsekeredwa m'kabati.

Nkhani ya WhatsApp ndi yovutirapo, chifukwa imeneyo si ya ufulu, ndipo ili m'manja mwa kampani imodzi imene ingasinthe malamulo ake tsiku lililonse. Koma mamembala anu ndi kumene ali, ndipo ambiri bandulo imene amakwanitsa kugula ndi ya WhatsApp yomweyo. Kuuza agogo a ku Dzivarasekwa kuti aike Signal, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga, kuti amve za zopereka n'kuwasenzetsa mtolo wa chikhulupiriro chanu. Ine ndingati pulogalamu yanu izingolemba mawu a uthengawo, ndipo mlembi aziwakopera n'kutumiza pa WhatsApp, pa SMS, kapena kuwawerenga pamsonkhano. Motero WhatsApp ikhala ngati mthenga wotumidwa, osati mzati wa nyumba, ndipo ikadzatha pulogalamu idzapitirira. Mndandanda wa amene ali ndi ngongole, manambala a zitupa zawo ndi mayina a ana awo zisaponyedwe pagulu limenelo.

Pamene simuyenera kugonja ndi pa zinthu zimene bungwe lingavutike nazo inu mutachoka. Pulogalamu yanu ikhale ndi laisensi ya GPL, imene imalamula kuti aliyense woigawa, ngakhale ataisintha, apereke kwa ena ufulu womwewo pamodzi ndi malemba ake. Kaundula yense azitha kutulutsidwa m'fayilo wamba ya CSV kapena ODS imene LibreOffice imatsegula, ndipo mwezi uliwonse kope lake, limodzi ndi source code, liziikidwa pa fulashi imene azisunga wapampando, osati inu. Bungwe lanu limadziwa bwino kuposa wina aliyense kuti munthu sakhalitsa. Mukadzasamukira ku Johannesburg, kapena tsiku limene iwo adzasonkhe ndalama za bokosi lanu, mnyamata wina wa ku Mbare ayenera kudzatha kutsegula malembawo n'kupitiriza, ndipo kwa anthu amene sadzalemba pulogalamu moyo wawo wonse, phindu la ufulu limene angaligwire ndi manja ndi limeneli.

Wina akadzabwera ndi pulogalamu yokongola ya pa foni, n'kunena kuti mayina onse azisungidwa kumakompyuta a kampani yake kwaulere, mumufunse pamaso pa akuluakulu ngati bungwe lingathe kutenga kaundula wake yense tsiku limene lafuna, ndiponso amene angawerenge mayinawo ndani. Mnzanu uja musakangane naye. Mupempheni kuti Loweruka likubwerali akusakireni kachipangizo ka Atheros m'tauni, ndipo akakapeza abwere nako kumsonkhano adzakayese yekha pamaso pa mayi msungichuma.