Katemera, mwanabere ndi masiku odikira

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake katemera sateteza tsiku lomwelo, komanso chimene chatupitsa mwanabere m'khwapa, mbali yomwe munabayidwa. Zonse ziwiri gwero lake ndi limodzi: thupi lili pakalikiliki kupanga ma antibody, zida zolimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda.

Ntchitoyi ndi ya gulu lina la asilikali a m'magazi, maselo oyera otchedwa B. Amabadwira m'mafuta a m'mafupa, kenako ambiri amakakhala m'timinofu ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, tomwe tikatupa timati mwanabere. Selo lililonse la B limadziwa chizindikiro chimodzi chokha, monga kiyi ndi loko wake. Choncho kachilombo kachilendo kakalowa, kapena katemera akaonetsa thupi chizindikiro chake, odziwa chizindikirocho amakhala ochepa zedi. Apa ndiye pagona kuchedwa konse.

Selo lomwe lakadziwalo limameza kachidutswa kake n'kukaonetsa kwa selo la CD4, msilikali wina wa m'magazi wotsogolera anzake. CD4 likavomereza, selo la B limayamba kugawikana, limodzi kukhala awiri, awiri kukhala anayi, mpaka kamnofu kaja kudzaza n'kutupa. Ambiri mwa maselo atsopanowa amasanduka maselo a plasma, ndipo limodzi lokha limatha kutulutsa ma antibody masauzande pa sekondi. Antibody amaoneka ngati chilembo cha Y. Nthambi ziwirizo zimakakamira kachilombo kuti kasalowe m'maselo athu, pamene tsinde limakopa asilikali ena kuti adzakameze. Oyamba kutuluka ndi a mtundu wotchedwa IgM, kenako a mtundu wa IgG, omwe amagwira molimba, amakhalitsa, ndiponso amadutsa kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba.

Ulendo woyamba zonsezi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Maselo ena amatsala ngati osunga chikumbukiro, moti kachilombo komweko kakabweranso amadzuka m'masiku ochepa. N'chifukwa chake jakisoni wachiwiri, ngati anakuuzani kuti mukabwerenso, si wozemba.

Zimavuta CD4 ikachepa. Munthu wathanzi amakhala nayo pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kakang'ono zedi ka magazi (microlitre imodzi), koma HIV yosamwera mankhwala ikaitsitsa pansi pa 200, maselo a B amasowa owavomereza. Kunyentchera nako kumafooketsa ntchitoyi, pakuti ma antibody ndi mapuloteni.

Mwanabere wa katemera amaphwa yekha, ndipo chonde musamufinye kapena kutemerapo mphini. Akamakulirakulira, akalimba gwa, kapena akabwera ndi kuonda ndi thukuta la usiku, pitani kuchipatala akakuyezeni.