Akuti "magazi akwanu ndi ofooka", eti?

Imelo iyi yandisiyitsa zonse zomwe ndimafuna kulemba sabata ino. Mayi wina wa ku Bangwe akuti ana ake awiri satha mwezi osadwala malungo pomwe ana a neba ali gwa, ndiye apongozi ayamba zoti "magazi akwanu ndi ofooka, kwathu kulibe zimenezi". Akufunsa ngati matenda ochita kugwidwa amatsatadi mtundu.

Achemwali, mawu amenewo ine ndakula nawo. Tinkakhala ku Ndirande kumunsi kufupi ndi Nasolo, ndipo mvula ikangoyamba mchimwene wanga wamng'ono amadwala mosinthana ndi masabata, amayi kumubereka usiku thupi lili moto, tochi kumanja, kukasaka galimoto yopita ku Queens ife tatsala pakhomo tikulira. Agogo akuchimuna akabwera kuchokera ku Thyolo sankayamba n'kufunsa kuti odwala agona bwanji ayi, ankayamba kuwerenga abale a amayi omwe anamwalira ali ana, mmodzimmodzi ndi zala, amayi ali chete akupala moto kumangoti "ndamva amayi". Palibe ankatchula maenje oumbira njerwa kuseri kwa nyumba omwe amakhala ndi madzi mpaka Epulo. Palibe ankatchula kuti neti inali imodzi, yobooka, yosokedwasokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza, ndipo ankagonamo ndi akuluakulu. Titasamukira ku Chilomoni kumtunda mnyamata uja anasiya kudwaladwala, magazi ake omwe aja. Agogo anangoti wakula.

Patapita zaka ndinapeza ganyu yolowetsa data mu kompyuta pa kafukufuku wina wa malungo, ndipo ndi komwe ndinayamba kumva anthu a statistics akukangana nkhani yomweyi ya agogo anga, kungoti iwo amakangana ndi masamu.

Zakumtundu zilipo ndithu, sindikunamizani. Mu 1954 wasayansi Anthony Allison, yemwe anakulira ku Kenya, anaonetsa kuti anthu omwe anatengera gene (kachidutswa ka DNA komwe timatengera kwa makolo) ya sickle cell, matenda a magazi akumtundu, kwa kholo limodzi lokha amatetezeka ku malungo, ndipo pano zikudziwika kuti mpata woti mwana wotere adwale malungo aakulu aja okomola umatsika ndi pafupifupi 90 peresenti. Koma makolo onse awiri akakhala nayo, mimba iliyonse pali mpata umodzi pa inayi woti mwana abadwe ndi matenda enieni a sickle cell. Anthu akuda ambiri tilibenso kachinthu kena pa maselo ofiira kotchedwa Duffy, n'chifukwa chake malungo a vivax omwe amavuta ku India kuno samveka kwenikweni, athu ndi a falciparum. Magazi a gulu O amathandizako pa malungo aakulu, koma O yemweyo kolera ikamugwira imamupweteka kwambiri kuposa anzake, ndiye kumbukirani kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Magazi "olimba" wo ndi olimba pa chani? Mufunseni munthu akamalankhula zimenezo.

Chovuta n'chakuti anthu a banja limodzi sagawana DNA yokha, amagawananso denga, dambo, neti, nthawi yogona, ndi thumba la ndalama. Ukaona abale akudwala limodzi sungadziwe ndi maso kuti ndi magazi kapena ndi nyumba. Ma model, njira za masamu za anthu a statistics aja, ntchito yake ndi imeneyo. Amatenga ana ambirimbiri, kulemba ubale wawo bwinobwino, uyu ndi uyu bere limodzi, awa bambo mmodzi amayi osiyana, awa asuweni koma amakhala kutalikutali, awa si pachibale koma amagona nyumba imodzi, kenako masamu amaona kuti kufanana kwa kadwalidwe kukutsata ubale kapena kukutsata khomo. Kafukufuku wotere ku Kilifi ku Kenya, yemwe Margaret Mackinnon ndi anzake anatulutsa mu 2005, anapeza kuti zakumtundu zimafotokoza pafupifupi gawo limodzi pa anayi la kusiyana kwa kadwalidwe ka ana, za pakhomo gawo linanso lofanana nalo, ndipo sickle cell yotchukayo payokha inangofika cha m'ma 2 peresenti. Kutanthauza kuti si gene imodzi yomwe mungailoze chala, ndi tambirimbiri tating'onoting'ono tosakanikirana, ndipo mwana amatenga theka kwa mayi theka kwa bambo. Theka kwa bambo, ndabwereza dala. Apongozi akamanyoza magazi a adzukulu akunyoza ndi awo omwe.

Ine pano ndafika poti nkhani ya magazi ofooka ndi nkhanza basi, njira yomusenzetsa mkazi mlandu womwe ukanafuna kuti wina agule neti kapena akwirire dzenje. Mwamvapo mwamuna akuuzidwa zimenezi pamaso pa anthu? Ine ayi.

Kufala kwa matenda ndi nkhani ina

Apa ndi pomwe ambiri amasokoneza. Gene yokuteteza iwe kuti usafe siletsa matenda kuyenda m'mudzi. Mwana wa sickle cell ya kholo limodzi uja tizirombo timalowabe m'magazi mwake, akhoza kumasewera mpira bwinobwino ali nato, udzudzu n'kumuluma n'kukapatsira mnzake. Ndiye ana a neba omwe ali gwa aja, kaya, mwina ali nato kungoti sakugona nato. Dokotala Ronald Ross, yemwe anatsimikiza mu 1897 kuti tizirombo ta malungo timakhala mu udzudzu, anadzaonetsanso ndi masamu kuti sipofunika kupha udzudzu wonse, ukangochepa kufika mlingo wina malungo amazilala okha. Ndi maganizo omwe aja a R0 omwe tinatopa nawo pa wailesi nthawi ya Covid, oti wodwala mmodzi akupatsira angati. Ma model oyambirira ankatenga anthu onse ngati ofanana, atsopano amalowetsamo kusiyana, ndipo zomwe zimatuluka kawirikawiri n'zoti anthu ochepa, cha m'ma 20 pa 100 alionse, ndi omwe amasenza pafupifupi 80 peresenti ya kufala konse. Pa malungo ochepawo nthawi zambiri ndi a nyumba za m'mbali mwa madzi oima.

Chimandinyansanso n'choti data yambiri ya DNA padziko ndi ya azungu, pomwe kusiyana kwakukulu kwa DNA ya anthu kuli kuno ku Africa. Bola kuno kwathu ofufuza a MLW (bungwe la kafukufuku wa zaumoyo) ndi a KUHeS (yunivesite ya zaumoyo) alipo pafupi ndi Queens pomwepo, ndipo sikelo yoyezera kukomoka kwa mwana wa malungo yomwe madokotala amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri dzina lake ndi Blantyre coma scale, ya 1989, ntchito ya Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Zochita zake achemwali: mwana akatentha thupi kayezetseni kaye, osangogula mankhwala pa golosale, chifukwa si kutentha konse komwe ndi malungo. Akapatsidwa LA amalize yense masiku atatu, ndi chakudya chamafuta pang'ono. Neti usiku uliwonse, ndipo zungulirani nyumba muone pomwe madzi akuima. Kusikelo funsani za katemera wa malungo. Ngati mwana amatupa manja ndi mapazi, maso achikasu, kulira mafupa kapena kuchepa magazi pafupipafupi, pemphani amuyeze sickle cell, ndipo tsiku limenelo bambo ake apite nawo akayezetse limodzi.