Kwa mayi amene afunsa za ulendo wa ana ndi phwando la zaka 50 la amuna awo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga pamodzi ndi mayankho a anzathu pansipa. Kwa amene sanalione: mayiwa amakhala kum'mwera kwa Johannesburg, amuna awo akukwanitsa zaka 50 pa 19 Disembala, ana alipo atatu, wa zaka 14, wa 9 ndi wa 4, apongozi aakazi akubwera kuchokera ku Malawi, ndipo ndalama imene asunga ndi R25,000. Akufunsa kuti apite kuti pakati pa mapaki achisangalalo a Gold Reef City, Sun City ndi uShaka ya ku Durban, komanso ngati phwandolo lingachitikire konko kuti zonse zithere pamodzi.

Ine ndikuti musaphatikize. Ulendo wakupaki ukhale tsiku lake, phwando la bambo likhalenso tsiku lake.

Kupaki wolamula ndi mwana. Nthawi yodya, yopuma ndi yobwerera kunyumba adzaiika ndi uja wa zaka 4, ndipo bambo amene mukuti tsikulo ndi lawo adzaswera atakoleka zikwama paphewa, ataima pamzere padzuwa, akuyang'anira kuti wina asasowe. Angasangalale ndithu poona ana akusangalala, koma limenelo ndi tsiku la ana. Ndiye pali nkhani ya alendo. Aliyense wolowa pageti amafunika tikiti. Mukaitana anthu 30, mwina muwalipirire nonse ndalama ithere pakhomo, kapena muwauze adzilipirire okha, apo theka sabwera ndipo obwerawo akakunenani kutchalitchi mpaka Pasaka. Malo oterewanso kawirikawiri salola kulowa ndi mapoto a chakudya chanu. Anzawo a bambo adzakondwerera zaka 50 ndi tchipisi cha m'kapepala? Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tsono pa malo atatu aja. Durban ndikanaichotsa msanga, osati chifukwa uShaka ndi yoipa. Ndi malo abwino, anatsegulidwa mu 2004, muli nsomba za m'nyanja zamitundumitundu zoti ana aone ndiponso mbali ya madzi yotsetserekamo, nyanja yeniyeni ili pompo. Vuto ndi msewu ndi nyengo. Kuchoka ku Johannesburg kudzera msewu wa N3 ndi makilomita pafupifupi 570, maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, ndi matologeti m'njira, ndipo mlungu wa pa 16 Disembala ndi pamene chigawo chonse cha Gauteng, momwe muli Johannesburg, chimatsikira kunyanja chifukwa makampani ambiri, makamaka a zomangamanga, amakhala atatsekera. Malo ogona amakwera mtengo. Anthu asanu ndi mmodzi simukwana m'galimoto yaing'ono imodzi, ndipo apongozi amakhala atangotsika kumene basi ya masiku awiri. Ndalama yanuyo ingathere paulendowu osatsalako ya keke. Durban isungireni tchuthi cha pakati pa chaka. Ku Johannesburg kukamazizira mu Juni ndi Julayi, kumeneko kumakhala kofundirako.

Sun City ndi yapafupiko, maola awiri ndi theka kulowera cha ku Rustenburg. Anaitsegula ndi Sol Kerzner mu 1979, nthawi imene dera limenelo linali Bophuthatswana, ndipo dziwe la mafunde opanga, Valley of Waves, linabwera pamodzi ndi hotela ya Palace of the Lost City mu 1992. Ana amene amakonda madzi sangafune kutulukamo. Pambali pake pali nkhalango ya nyama ya Pilanesberg, komwe mungaone njovu ndi zipembere muli m'galimoto yanu. Koma kukoma kwa Sun City kumafuna kugonako, ndipo kugona mkati mwa malowo mu Disembala si kwa R25,000 yoti igawidwenso pawiri. Kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo kumatheka, kungoti maola asanu amsewu ndi mwana wamng'ono, woyendetsa n'kukhala mwini phwando yemweyo, ine sindikuonapo tchuthi.

Yatsala Gold Reef City, ndipo kwa inu okhala kum'mwera kwa tauni ili pakhomo penipeni, ku Ormonde. Simulipira pogona, mafuta ndi ochepa, mwana akatopa mumangobwerera. Wa zaka 14 ali ndi zokwera zake zoopsa zija, Anaconda, Tower of Terror ndi Golden Loop. Wamng'ono ali ndi mbali ya ana. Amene muyenera kumuganizira ndi wapakatiyo. Zokwera zikuluzikulu sayang'ana zaka, amayang'ana msinkhu, ndipo zambiri malire ake ndi mita 1.3. Muimikeni pakhoma kunyumba mumuyeze lero. Ngati sakufika, mumuuziretu ndipo mumuonetse zimene adzakwere, chifukwa kubwezedwa pamzere mkulu wake akulowa ndi kumene kumayambitsa kulira kwa tsiku lonse. Funsani ngati pali tikiti ya osakwera, kuti apongozi musawagulire yokwera zonse. Gulani pa intaneti nthawi ikadalipo, ndipo onani masiku otsegula pa webusaiti yawo chifukwa kunja kwa tchuthi cha sukulu satsegula tsiku lililonse.

Koma chimene ndikukankhirani ku Gold Reef City si zokwerazo ayi. Pakiyo inamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, ndipo mpaka pano amatsitsa alendo pansi ndi chikepe, atavala zisoti ndi nyali, kukaona mmene anthu ankagwirira ntchito. Amaonetsanso kasungunulidwe ka golide. Kwa alendo ena zimenezi ndi zongoonera, koma kwa banja la ku Malawi ndi mbiri ya kwathu. Kuchokera pamene golide anapezeka kuno mu 1886, migodi ya ku Witwatersrand inadya mphamvu za amuna a m'maiko onse ozungulira, ndipo a ku Nyasaland, kenako Malawi, anali ambiri zedi, otengedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Amuna anu anabadwa m'zaka zomwezo. Apongozi anu ndi a m'badwo umene unkaona amuna akuchoka pamudzi n'kubwera patapita zaka ziwiri ndi sutikesi yachitsulo, bulangeti ndi wailesi, ena ndi chifuwa chosatha, ena osabweranso. Afunseni musanapite ngati pabanja panu alipo amene anapita ku Joni nthawi imeneyo. Mwina alipo. Akatero, afotokozereni ana usiku woti mawa mukupita, kuti akamatsika mumdima muja adziwe kuti akuyenda mmene anayenda agogo awo. Ngati mawondo a apongozi savuta ndipo saopa malo opanikizika, atsike nawo. Wa zaka 4 atsale pamwamba ndi inu.

Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001, ili moyandikana ndi pakiyo. Musaiike tsiku lomwelo. Imafuna maola angapo ndi mtima wokhazikika, ndipo zithunzi zina si za ana aang'ono. Bambo ndi mwana wamkuluyo adzapite awiriwiri tsiku lina.

Tsiku lopita kupaki sankhani la mkati mwa mlungu, sukulu zikangotsekera koma 16 Disembala isanafike. Fikani geti lisanatsegulidwe ndipo muyambe ndi zokwera zikuluzikulu. M'chilimwe Johannesburg imakonda mvula yamabingu masana, ndipo ziphaliwali zikayamba zokwera zazitali amaziimitsa. Amene amati tiyambe tadya, Anaconda tikwera 3 koloko, nthawi zambiri amabwerera asanakwere. Mgodi ndi chakudya muziike masana. Ana adye mokwanira kunyumba, avale nsapato zotseka ndi zipewa, mutenge zovala zosinthira chifukwa zokwera zam'madzi zimanyowetsa, ndipo wamng'onoyo mumulembe nambala yanu ya foni pamkono. Aliyense mwa ana okulirapo awiriwo mumupatse ndalama yake m'manja m'mawa, mumuuze kuti ikatha yatha. Masewera oponya mpira kuti upate chidole ndi amene amadya ndalama mwakachetechete kuposa tikiti.

Tibwere kuphwando, kumene kuyenera kupita gawo lalikulu la ndalama yanu. Ndikanakhala ine, pa magawo atatu alionse awiri akanapita kuphwando, limodzi kupaki, nditachotsapo kaye kangachepe kapadera ka zadzidzidzi.

Mwati mukufuna likhale lowadzidzimutsa. Ganizaninso. Phwando lodzidzimutsa limakomera okonza kuposa wokonzeredwa, ndipo abambo ambiri a msinkhu uwu sakonda kulowa m'chipinda atavala za kuntchito anthu 40 n'kuwakuwiza. Chinanso, simungadziwe nokha anthu onse amene iwo angafune kuti akhalepo. Pali mnzawo amene anawalandira atangofika kuno, anawagoneka pansi m'kachipinda miyezi ingapo mpaka atapeza ntchito. Mukamuiwala ameneyo, mlandu udzakhala wa bambo, osati wanu. Auzeni kuti phwando lilipo, akupatseni maina, ndipo chodzidzimutsa chikhale mkati mwa phwandomo. Pemphani abale a kumudzi, anzawo a kusukulu ndi aliyense amene ali kutali ajambule kavidiyo kakafupi pa WhatsApp, mwana wamkuluyo azilumikize. Yambani kupempha mu Okutobala, pakuti akwathu ukawauza kuti mawa amatumiza mwezi wamawa, ndipo ena mudzayenera kuwagulira bandulo.

Za tsiku, kumbukirani kuti pofika pa 19 Disembala Amalawi ambiri a kuno amakhala atakwera kale mabasi opita kumudzi. Funsani anthu ofunikira asanu kapena asanu ndi mmodzi kuti akunyamuka liti. Ngati ambiri akuchoka, kokerani phwando kumayambiriro kwa mwezi, ndipo pa 19 penipeni mudye nkhuku pabanja panu. Palibe amene anamangidwa chifukwa chodula keke masiku khumi tsiku lisanakwane.

Malo: holo ya tchalitchi kapena bwalo la mnzanu amene ali ndi yadi zimaposa lesitilanti patali. Ngati mukuchita lendi, lankhulani ndi eni nyumba ndi oyandikana nawo msanga, muwauze ola lozimitsa nyimbo ndipo mudzalisunge. Tenti ndi yofunika chifukwa cha mvula ija. Yambani masana, cha m'ma 1 koloko, kuti odalira mateksi abwerere kusanade. Funsaninso za jenereta kapena sipika yokhala ndi batire, magetsi a kuno mumawadziwa.

Chakudya musavutike ndi zachilendo. Nsima, mpunga, nkhuku yalokolo, nyama yowotcha, nyemba, masamba otendera, thobwa wa amene samwa mowa. Apongozi akamabwera angakutengereni mpunga wa Kilombero ndi nsinjiro, ndipo thobwalo muwasiyire iwo, adzamva kuti phwando la mwana wawo ali nalo mbali. Kumbali ya mowa, gulani woyambira wokha, ena abwere ndi wawo. Mowa ndi umene umagwetsa bajeti ya maphwando ambiri. Ndipo inu mwini musakhale kukhitchini tsikulo. Pezani amayi awiri kapena atatu a m'gulu lanu la chipereganyu kapena a kumpingo, kapena lipirani wophika, kuti pamene anthu akulankhula za amuna anu inu mukhale pambali pawo mutatchena, osati mukupakula nsima.

Zolankhula zichepe. Apongozi ayambe, chifukwa ndi okhawo amene angafotokoze za tsiku limene munthuyu anabadwa. Kenako mnzawo mmodzi wakale, ana, inuyo, pemphero, basi. Wotsogolera mwambo akhale munthu wosaopa kulanda maikolofoni. Mmodzi mwa oyankha aja wanena za perekaniperekani kuti mubweze ndalama. Ine sindikugwirizana nazo. Paukwati anthu amabwera akudziwa, koma paphwando la tsiku lobadwa zimaoneka ngati mwawaitanira kudzawasonkhetsa, mwezi womwenso aliyense akutumiza ya feteleza kumudzi. Ngati anzawo akufuna kupereka, asonkherane paokha agule mphatso imodzi yooneka.

Feteleza yemweyo akukhudzaninso inu. Pempho lochokera kumudzi lidzabwera ndithu mu Novembala kapena Disembala, ndipo Januwale akudikira ndi yunifomu, mabuku ndi lendi. Khalani pansi ndi bambo mugwirizane kuti R25,000 ija ndi yachisangalalo chokha kapena zimenezi zilimo. Ngati zilimo, chepetsani alendo, osati chakudya, ndipo musakongole kwa akatapila chifukwa cha phwando.

Pomaliza za apongozi. Pasipoti ya Malawi imalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, koma yang'anani chidindo chimene adzawadindire pa chipata cha Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la OR Tambo, chifukwa tsiku lolembedwa pamenepo ndi limene limagwira ntchito. Akapitiriza ngakhale pang'ono amaletsedwa kulowanso kwa chaka, ndipo akapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Ngati akubwera pa basi yodzera Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, tikiti yobwera ndi yobwerera muigule pamodzi panopa, ndipo afike masiku anayi kapena asanu tsiku la kupaki lisanakwane kuti miyendo iphwe. Mankhwala awo a BP kapena a shuga atenge okwanira mwezi wonse, ali m'mapaketi ake, pamodzi ndi kabuku kawo ka kuchipatala.