Funsani Alangizi: Kodi mlamba ungakhale dziwe limodzi ndi makumba?

FUNSO: Ndakumba dziwe la mamita 20 mulitali ndi 10 mulifupi kumunsi kwa dimba langa. Anzanga akuti ndiikemo makumba, chilunguni ndi mlamba pamodzi. Kodi sizidyana?
Mlimi wa ku Bembeke, Dedza

YANKHO: Bambo, makumba ndi chilunguni ikani popanda mantha, chifukwa sizilimbirana chakudya. Makumba amadya madeya ndi tizomera tating'ono timene timabiriwitsa madzi mukathira manyowa. Chilunguni chimakonda masamba: a mbatata, a chinangwa, chisoso ndi udzu wanthete. Ndowe zake zimawonjezera chonde m'madzi, makumba n'kupindula. Ngati chakudya chanu ndi madeya ndi manyowa basi, musapyole nsomba 3 pa sikweya mita. Dziwe lanu ndi masikweya mita 200, ndiye makumba 400 ndi chilunguni 150 n'zokwana.

Nkhani yagona pa mlamba. Makumba amayamba kuswana akadali aang'ono, ndipo pakapita miyezi ingapo dziwe limadzaza tiana. Chakudya chimachepa, nsomba zonse zimapinimbira, pokolola n'kupeza zazing'ono zokhazokha zomwe pamsika sizikhala ndi mtengo. Mlamba umadya tianato, choncho umathandiza. Koma mlamba umameza chilichonse chokwana pakamwa pake, ndipo umakula msanga kuposa makumba. Mukauika tsiku limodzi ndi mbewu ya makumba, ukutherani mbewuyo. Dikirani miyezi iwiri kapena itatu makumba akulepo, kenaka ikani milamba yaing'ono kuposa makumbawo, umodzi pa makumba khumi alionse: kwa inu milamba 40. Isankheni yofanana msinkhu, chifukwa waukulu umadya waung'ono. Milamba ya kudambo yomwe ana amawedza musaiponyemo, nthawi zambiri imakhala yokula kale.

Dziwaninso kuti mlamba umapuma mpweya wa kunja ndipo mvula ikagwa usiku umakwawa n'kutuluka. Kwezani mlambala wa dziwe masentimita 40 kapena 50 pamwamba pa madzi, ndipo polowera ndi potulukira madzi muikepo sefa.

Ku Bembeke kumazizira, si kofanana ndi ku Golomoti kapena ku Bwanje. Madzi akatsika pansi pa madigiri 20, nsombazi zimachepetsa kudya. Mu June ndi July chepetsani madeya, apo ayi otsala amaola pansi n'kumaliza mpweya m'madzi. Mbali yakuya ikhale mita imodzi ndi theka, ndipo mbewu muike mu September kapena October.

FUNSO: Wina akugulitsa mbewu ya nsomba zochokera kunja, akuti zimakula msanga kuposa chambo. Ndingasakanize ndi makumba anga?
Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Mayi, musagule. Malamulo a za nsomba salola kubweretsa nsomba zachilendo, monga Nile tilapia, popanda chilolezo. Dziwe likasefukira zimalowa mumtsinje, ndipo zikafika kunyanja zimakwerana ndi nsomba zathu n'kusokoneza mtundu. Ngakhale chambo chathu chomwechi chimatha kukwerana ndi makumba, ndiye ngati mukufuna kudzagulitsa mbewu, mitundu iwiriyi ikhale m'maiwe osiyana. Mbewu yodalirika funsani ku ofesi ya za nsomba pa boma, akulozerani alimi ovomerezeka kapena kumalo a boma oweta nsomba a ku Domasi ku Zomba.