Masapulaya ndi nkhani ya kaboni: muyambire pati?

Mayi wina amene amayang'anira zogula pa kampani ina yopanga zakudya ku Blantyre watilembera imelo. Kasitomala wawo wa ku Ulaya watumiza fomu yofunsa za Scope 3, ndipo akufuna kudziwa zimene kampaniyo ikuchita kuti amene amaigulitsa katundu achepetse mpweya wotenthetsa dziko. Mayiwo akufunsa kuti: "Tili ndi masapulaya oposa 100, ena ndi alimi, ena a mathiraki. Kodi tiwatumizire fomu yomweyi onsewo?"

Ayi mayi, musatero. Ambiri sayankha, ndipo oyankhawo adzangolemba manambala ongoganizira kuti musawachotse pa mndandanda.

Fomuyo yachokera ku GHG Protocol, njira yowerengera mpweya imene inakonzedwa ndi bungwe la kafukufuku la World Resources Institute pamodzi ndi WBCSD, bungwe la makampani akuluakulu a padziko lonse. Scope 1 ndi utsi wa pakampani panu, monga wa jenereta ndi boila. Scope 2 ndi wa magetsi amene mumagula. Scope 3, imene malamulo ake anatuluka mu 2011 ndipo ili ndi magulu 15, ndi mpweya wotuluka kwa ena chifukwa cha malonda anu. Kwa kampani ya zakudya gawo limeneli ndiye lalikulu, makamaka kuno kwathu kumene magetsi ambiri amachokera ku madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Tsegulani buku la zogula la chaka chatha, musanje masapulaya kuyambira amene munawalipira zambiri. Mupeza kuti khumi kapena khumi ndi asanu ndiwo atenga ndalama zochuluka. Yambani ndi amenewo, muonjezerepo ang'onoang'ono amene ntchito yawo imatentha nkhuni kapena imadalira mafiriji. Otsalawo adikire chaka chamawa.

Koma ndalama zikuthandizeni posankha pokha, osati powerengera kaboni (mpweya wa carbon dioxide). Pali njira yochulukitsa ndalama zimene mwagulira katundu ndi nambala yoimira mpweya, ndipo ambiri amaikonda chifukwa ndi yachangu. Kuno imanamiza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anagula matani omwewo a shuga analipira zambiri, ndipo papepala zinkaoneka ngati utsi wakwera pomwe palibe chasintha. Choipa china n'chakuti sapulaya akaika sola kapena kukonza boila, nambala yanu siitsika.

Choncho musafunse munthu kuti "mumatulutsa matani angati a kaboni?" Sadziwa, ndipo si mlandu wake. Mufunseni zimene zili kale m'malisiti mwake: malita a dizilo, mayunitsi a ESCOM, matani a nkhuni kapena malasha, matumba a feteleza, ndi makilogalamu a gasi amene anathira m'mafiriji. Tsamba limodzi lakwana. Masamu muchite nokha. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a kaboni, ya petulo 2.3. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wolemera makilogalamu 23. Mukatsata muyezo wa IPCC, gulu la akatswiri a zanyengo la United Nations, woti 1 peresenti ya nayitirojeniyo imauluka ngati nitrous oxide, mpweya wina wotenthetsa dziko, thumba limodzi limafika pafupifupi makilogalamu 100 a kaboni, osawerengera utsi wa kufakitale kumene linapangidwa.

Za mafiriji ndizo anthu amaziiwala, chonsecho n'zimene zimalemera. Gasi wa R-404A, wofala m'zipinda zoziziritsira nyama ndi mkaka, kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko ngati makilogalamu 3,922 a kaboni. Akatayika makilogalamu 10 chifukwa cha paipi yong'aluka, ndi matani 39, ofanana ndi kuwotcha malita a dizilo oposa 14,000. Sapulaya amene amaitana mekaniki kudzathira gasi miyezi itatu iliyonse ali ndi bowo penapake, ndipo kulitseka n'kotchipa kuposa kumangogula gasi. Apa simufunika kumunyengerera, phindu aliona yekha.

Manambala akabwera, aonetsetseni. Wina alemba madiramu m'malo mwa malita, wina apereka za mwezi umodzi ngati za chaka. Cholakwika chofala kwambiri ndi ichi: sapulaya akupatsani dizilo wa fakitale yonse, pomwe inu mumagula gawo lochepa la katundu wake. Funsani matani onse amene anapanga, mugawe molingana. Ngati anapanga matani 1,000 ndipo inu munatenga 200, gawo lanu ndi limodzi mwa asanu.

Pa nkhuni, kulemera kwake si nkhani yaikulu ngati gwero lake. Bulugamu wa m'munda wodzalidwa ndi wosiyana ndi tsanya wodulidwa m'nkhalango yachilengedwe. Pemphani chiphaso kapena lisiti yosonyeza kumene zachokera. Ngati mumagulitsa khofi kapena soya ku Ulaya, lamulo la 2023 la EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, loletsa katundu wochokera pamalo odulidwa mitengo limafuna malo enieni a munda pa GPS, ndi umboni woti sipanadulidwe nkhalango pambuyo pa 31 December 2020. Tiyi sali pa mndandandawo.

Tsono kuwerenga kokha sikuchepetsa utsi. Walmart, kampani yaikulu ya masitolo ya ku America, itayambitsa Project Gigaton mu 2017, inafuna kuti masapulaya ake apewe kutulutsa matani biliyoni imodzi a mpweya pofika 2030, ndipo inalengeza mu 2024 kuti yakwanitsa. Inu mulibe mphamvu za Walmart, koma muli ndi zinthu ziwiri zimene sapulaya wa kuno amazifuna kuposa satifiketi iliyonse: kulipidwa msanga ndi kontirakiti yaitali. Munthu amene mumamulipira patatha masiku 90, ndipo sadziwa ngati mudzagulanso chaka chamawa, sangakongole ku banki kuti agule sola. Mupatseni zaka zitatu ndi malipiro a masiku 30, mulembe mu kontirakitimo chinthu chimodzi choyezeka, monga malita a dizilo pa tani iliyonse. Kwa a mathiraki, gwirizanani nawo za katundu wa pobwerera, chifukwa lole yopita ku Beira kapena Nacala yopanda kanthu yawotcha mafuta pachabe. Ndipo kumene njanji ya Nacala ikufika, funsani mtengo wake.

Muwauzenso poyera, makamaka polemba, kuti manambalawo simudzawagwiritsa ntchito pokakamiza kutsitsa mitengo. Akangokayikira zimenezo, malisiti enieni simudzawaonanso.

Kasitomala wanuyo muyankheni zoona: masapulaya angati mwawafikira, akuimira peresenti yanji ya zogula zanu, ndi manambala ati ali ochokera m'malisiti ndi ati ongoyerekeza. A Science Based Targets initiative, bungwe lotsimikizira zolinga za makampani zochepetsa mpweya, amalola kampani kulonjeza kuti masapulaya ake adzakhala ataika zolinga zawo pasanathe zaka zisanu, ndiye palibe amene akuyembekezera kuti onse 100 muwamalize chaka chino.