Mankhwala a malungo kwa mwana wodwala lupus

Funso: Mwana wanga ali ndi lupus ndipo adokotala amulembera hydroxychloroquine wamadzi. Kodi amenewa si mankhwala a malungo?

Yankho: Ndi a malungo ndithu, mayi, koma amathandizanso kufatsitsa chitetezo cha m'thupi chikayamba kulimbana ndi thupi lomwelo, monga zimachitikira pa matenda a lupus, ndipo phindu lake limachedwa kuoneka, mwina mpaka miyezi 3, choncho musawasiyire panjira. Mlingo umatengera kulemera kwa mwana, kawirikawiri pafupifupi 5 mg pa kilogalamu patsiku, ndipo woukhazikitsa ndi dokotala yekha. Khutchumulani botolo, yezani ndi sirinji, osati sipuni ya tiyi, ndipo mwana amwe atadya. Maso ake aziyezedwa kuchipatala, chifukwa mankhwalawa akamwedwa zaka zambiri amatha kuwononga maso. Chonde botolo muzilitsekera patali, pakuti mwana wamng'ono akamwa ochuluka akhoza kumwalira.